Chithunzi cha Nsawa za Chaka Chatha

Atamandike Yesu Khristu, amayi ndi abambo. Ndamva kuyankha kwa akumbuyo okha, akutsogolo kaya mawu mwasiya kunyumba. Palibe kanthu, khalani bwino pa mabenchipo, sindikutayitsani nthawi.

Ine ndine amake Felisi, ndimapemphera mu mphakati wa kumunsi kwa Zemba. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye musayembekeze mawu a m'mabuku. Andipempha kuti ndinene zimene zinandichitikira amuna anga atamwalira, chifukwa muno muli amasiye, muli ena amene akulimbana ndi botolo, ndipo ambiri mwa inu foni mwaimangirira pa chitenje. Nkhani yanga ili ndi zonsezo: maliro, kachasu ndi foni. Inatsala pang'ono kundigoneka ndi njala chaka chathunthu.

Amuna anga anali a Dominiko. Amene munawadziwa mukukumbukira kuti foni ankaikonda ngati mwana wachisamba. Kwathu netiweki imagwira bwino pa chulu chimene chili kumtunda kwa munda wathu. M'mawa uliwonse asanagwire khasu ankakwera pachulupo n'kutumiza kanthu pa gulu la pafoni la mphakati wathu. Ng'ombe ikabereka, chithunzi. Mvula yoyamba ikagwa, chithunzi. Ngakhale dzungu likakula kuposa anzake ankalijambula, pansi pake n'kulemba kuti, "Zikomo Ambuye." Anthu n'kumayankha Amen, ena n'kutumiza timanja topemphera tija.

Ine ndinkawaseka. Ndinkati, "Bambo a Felisi, kodi Mulungu nayenso ali pa gulupo?"

Iwo ankati, "Iwo ndiye mwini gulu, mayi. Ife anangotilowetsamo."

Koma ndinene zoona, iwo sankachita chionetsero. Akati zikomo inali zikomo ndithu. Gulu lathu ndi lotero mpaka lero. Wina mwana wake wakhoza mayeso, wina watuluka m'chipatala, wina wafika bwino ku Chipata pa minibasi yomwe inali kutsokomola njira yonse, aliyense amathokoza pomwepo, ndipo timasangalalira limodzi ngakhale midzi yathu ndi yotalikirana.

A Dominiko anagwa ku dimba mu Okutobala, dzuwa lili ng'ang'ang'a. Tinawathamangitsira ku kiliniki, akukiliniki anatitumiza ku boma, ndipo ku boma n'kumene anatisiya. Anthu anabwera ambiri pamaliro. Nkhuni zitachepa, anyamata anapita ndi ngolo kukagwetsa mtengo wouma wa muwanga umene unali m'munda mwathu pafupi ndi chulu. Malemu ankaukaniza mtengo umenewo, chifukwa ndi pamene ankakolekapo jekete lawo akamalima. Tsikulo panalibe woukaniza.

Maliro atatha anthu anabalalika. Mwana wanga Felisi, amene anakwatiwa ku Chipata, asananyamuke anandiika foni ya bambo ake m'manja. Anandiphunzitsa kuti mukadina apa chithunzi chimapita, mukagwira apa mumalankhula mawu n'kupita. Uthenga woyamba anandilembera yekha, wothokoza onse amene anatipepesa, n'kumalizira kuti Mulungu ndi wabwino nthawi zonse.

Abale anga, ma Amen amene anabwera tsiku limenelo! Wina anati, "Amayi olimba awa." Wina anati, "Tiphunzire kwa amake Felisi." M'nyumba munali zii, mpando wa malemu uli pamalo pake, nsapato zawo zili kuseri kwa chitseko, koma foni inkalira ting, ting. Mawu amenewo anandikomera. Ndinati mumtima, ngati akuti ndine wolimba, ndikhala wolimba.

Koma sindinali wolimba. Chakudya chinkandikana. Kupemphera ndinasiya, chifukwa ndikagwada ndinkangofuna kufunsa kuti, bwanji iwo? Munthu wothokoza ngakhale dzungu? Tsiku lina mnzanga wina anandipatsa kakapu, akuti kochotsa maganizo. Kanachotsadi. Mawa lake maganizo anabwera ndi abale awo, ndiye ndinafuna kena. Posakhalitsa ndinali nditaidziwa njira ya kuseri kwa dambo, yopita kwa mayi wina wotcheza kachasu. Ndinkadzera kumeneko kuti a mpingo asandione.

Polipira ndinkatapa nsawa. A Dominiko anali atasankha mbewu yabwino, yamaso aakulu, n'kuisunga m'thumba kudikira mvula. Lero mbale, mawa mbale. Mvula inagwa, anthu anatuluka ndi makasu, ine ndili gone ndi matsire. Thumba linayamba kukhwinyata. Nkhuku nazo zinatsata njira yomweyo ya kudambo. Kunena mwachidule, ndinamwa mbewu.

Koma chinthu chimodzi sindinajombe. M'mawa uliwonse, mutu ukuwawa, m'kamwa muli nyung'unyung'u, ndinkakwera pa chulu n'kutumiza chithunzi pa gulu. Mawu onse olembedwapo sindinkatha kuwawerenga, koma ndinkadziwa kuti cha nkhunda, cha maluwa ndi cha dzuwa lotuluka ndi zithunzi zothokoza. Ndinkadina, n'kudikira ma Amen, n'kutsika. Pachulupo ndinkaimirira chofulatira munda kuti ndisauone. Kutchalitchi ndinasiya, ndinkati miyendo ikundivuta. Felisi akaimba n'kufunsa kuti, "Amama, mwabzala?" ndinkati, "Ndabzala, mwanawe, usadandaule."

Tsono mumve pamene ndinadzipwetekera ndekha. Mu mphakati mwathu tili ndi mwambo. Nyumba imene mwagwa maliro, dzinja loyambalo mphakati wonse umapita tsiku limodzi kukagwira ntchito m'munda mwa wofedwayo. Timalitcha tsiku la khasu. Palibe cholipira, mwini munda amangotunga madzi akumwa. Mu Januwale amayi athu apampando, a Nabanda, analankhula pa gulu. Anati, "Amake Felisi, munda uli bwanji kumeneko? Tikufuna kugawa tsiku la khasu, tiyambire kwa inu."

M'maganizo ndinaona anthu onse aja akutulukira ndi makasu n'kupeza thengo. Ndinaona amayi olimba aja akusanduka chidakwa pamaso pa mpingo. Ndiye ndinayamba kufufuza mu foni ya malemu, mpaka ndinapeza chithunzi chimene anajambula chaka chinacho: nsawa zathu zili biriwiri, mizere yoyera, maluwa achikasu ali mbuu. Ndinachitumiza, ndipo pansi pake ndinalemba mawu awiri amene ndinkawadziwa bwino kalembedwe kake, "Zikomo Ambuye."

Foni inachita kutentha. A Nabanda anati, "Taonani ntchito ya Mulungu! Mayi wamasiye koma munda ngati walimidwa ndi mudzi wonse." Anagwirizana kuti popeza ine zinthu zili bwino, tsiku la khasu alipereke kwa a Tembo, bambo wachikulire amene mwendo wawo unatupa. Ine ndinapuma, ndinati ndapulumuka, ndipo ndinapita kudambo kukakondwerera. Makasu amene akanandipulumutsa ndinawabweza ndekha ndi chala ichi.

Sabata imeneyo thumba la mbewu linatha. Ndinalikutumula, munagwa makoko okha. Ndinayang'ana m'nyumba monse, maso anga anagwera pa jekete la a Dominiko. Ndinalipinda, ndinaliika m'chitenje, ndinapita nalo. Mayi wa kachasu analitambasula, anandiyang'ana, anati, "Si la malemu ili?" Ndinati, "Thirani." Anathira. Tsiku limenelo sindinafike kunyumba ndi miyendo yanga yokha. Ndinadzidzimuka masana ndili m'ngalande m'mbali mwa njira, chitenje chili matope okhaokha, mbuzi ikundinunkhiza kumaso. Pamenepo ndi pansi pamene ndinafika, ndipo sindikubisirani.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene Mulungu analowera.

Mu mphakati mwathu muli a Jowana. Iwo anabwera kuno ali kamtsikana, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo anakulira kuno, kukwatiwa kuno. Ndi aakulu kwa ine. Foni yawo ndi ya mabatani, ya zithunzi alibe, ndipo amati saifuna. Lamulungu limenelo mapemphero atatha, a Nabanda ankayendetsa foni yawo kuonetsa amayi munda wanga. Itafika kwa a Jowana anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuibweza.

Lolemba dzuwa litakwera, mvula itangokata, ndinamva, "Odi kuno!"

Ndinabisala kuseri kwa chitseko.

"Odi, amake Felisi! Mapazi anu ndikuwaona pansi pa chitsekopo. Kapena mapaziwo atsala okha, eni ake apita kumunda?"

Ndinatsegula. Anali ataima pabwalo, khasu paphewa, pamutu atasenza mtolo waukulu wa kholowa. Anatula mtolowo pamthunzi, anadzitengera okha mpasa, anakhala. Fungo langa analimva, ndikudziwa, chifukwa ngakhale ine ndinkadzimva. Koma anandilonjera bwinobwino ngati palibe kanthu. Kenaka anati, "Tandionetsaninso chithunzi chija. Dzulo maso anga anali ndi utsi."

Ndinachipeza, ndinawapatsa. Anachiyandikitsa kumaso.

"Nsawa zabwino," anatero. "Nanga mtengo uwu, uli apawu, ndi mtengo wanji?"

Ndinati, "Muwanga."

"Eya, muwanga. Tsono unadzukanso? Chifukwa ine ndinaphikira nyemba pamaliro a amuna anu ndi mtengo umenewu. Taonani chala ichi, chipsera chake chilipobe. Ine kuuka kwa akufa ndimakhulupirira, koma kwa nkhuni ndinali ndisanamve."

Ndinasowa poyang'ana. Pofufuza chithunzicho ine ndinkangoona kubiriwira, mtengo sindinauone n'komwe. Ndinachikulitsa ndi zala ziwiri monga Felisi anandiphunzitsira. Muwanga unali chiimire kumtunda kwa munda. Ndipo pa nthambi yake panali patakolekedwa jekete. Jekete lomwe lija ndinali nditalisinthanitsa ndi kachasu masiku apitawo.

Abale, pamaliro ndinalira monga mwambo umafunira. Koma kulira kwenikweni ndinalira tsiku limenelo, pa mpasa, foni ili m'manja. A Jowana sanandiletse. Sanati limbani mtima. Anangokhala, n'kumathothola masamba ouma pa kholowa wawo mpaka ndinatopa ndekha.

Ndiye ndinawauza zonse, za mbewu, za nkhuku, za jekete, za ngalande. Ndinati, "Akulu anga, ine Mulungu ndinamukwiyira. Zikomo amene ndimatumiza uja si wanga, ndi wobwereka."

Iwo anati, "Kumunda ndadzera kale, ndaona. Tamverani, amake Felisi. Ife pothawa nkhondo, amayi anga anatsalira m'njira. Sitinawaike n'komwe, tinangowafunditsa nthambi n'kupitirira. Titafika kuno, chaka chathunthu pakamwa panga sipanatuluke zikomo. Ndinkalowa m'tchalitchi, kukhala, kutuluka. Anthu akuimba, ine duu. Kodi Mulungu anandithamangitsa? Si ndili pano? Mulungu si apongozi, oti muziwasekerera m'mimba mukupota."

Ndinaseka m'misozi momwemo.

Anapitiriza kuti, "Kutinamiza ife ndi nkhani yaing'ono, tonse tinanamapo. Chimene chandiwawa n'chakuti Mulungu anakutumizirani makasu, inu n'kuwabweza ndi zikomo. Tsono nsawa zapita, nthawi yake yadutsa, musadzinamize. Koma mbatata ikadalola. Mvula ilipobe. Tikaunga mizere sabata ino, mudya. Tikachedwa, chaka chino mupempha. Ine ndi inu awiri thengo lija sitingalithe. Nyamukani."

Ndinati, "Tikupita kuti?"

"Ku chulu. Si kumene mumalankhulira ndi anthu?"

Tinapita. Nthawi imeneyi sanandilole kufulatira. Anandigwira mapewa n'kunditembenuza. Udzu unali wofika m'chiuno, chisoso chili ponseponse, mizere ya chaka chatha itafafanizika. Pamene panali muwanga panali chitsa.

"Jambulani," anatero.

Ndinajambula.

"Tumizani. Kenaka mugwire pamene mumagwira polankhula paja."

Ndinagwira, mawu anakana, ndinasiya. Ndinagwiranso, ndinangoti "Amayi ndi abambo," n'kusiyanso. A Jowana anati, "Ine sindikuthamangira kulikonse, kholowa ali pamthunzi." Potsiriza ndinalankhula. Ndinati, "Ndine amake Felisi. Chithunzi chija ndinatumiza ndi cha chaka chatha, anajambula ndi malemu. Munda wanga ndi uwu mukuuonawu. Sindinabzale. Mbewu ndinagulira kachasu. Kuthokoza kumene ndakhala ndikutumiza sikunali kochokera mumtima. Lero ndilibe zikomo, ndili ndi pempho. Ndithandizeni."

Ndinachotsa chala, uthenga unapita.

Kudikira kumene ndinadikira pachulupo sindidzakuiwala. Foni inkaonetsa kuti anthu amva, koma palibe ankayankha. Gulu limene linkalira ting, ting tsiku lonse linangoti zii. Patapita nthawi kunabwera timanja topemphera, kenaka tina. Ndinawaonetsa a Jowana. Anati, "Ndi tabwino, koma timanja ta pafoni sitigwira khasu. Tidikire."

Kenaka kunabwera mawu a a Nabanda. Ankamveka kuti akuyenda, akupuma mothamanga. Anati, "Amake Felisi, tamva. Ifenso tinalakwa, tinaona chithunzi n'kuleka kuyenda. Lachitatu aliyense ndi khasu lake. Amene ali ndi kholowa ku dimba adule. Sindikufuna kumva za miyendo."

Sindikunamizani kuti onse anandilandira ndi manja awiri. Uthenga wanga wina anautumiza kunja kwa gulu, ndipo unayenda mpaka ku msika wa ku boma. Pa chitsime amayi ena ankati ndikafika nkhani n'kuduka. Felisi anaimba akulira, anati, "Amama, mwandichititsa manyazi, bwanji osandiuza ine?" Ndinati, "Ndinkaopa zimene ukunenazi." Iye anati, "Ndikubwera Loweruka." Manyazi analipo, ndipo ankaluma. Koma ndinaona kuti manyazi a tsiku limenelo anali opepuka kuposa katundu amene ndinkakwera naye pa chulu m'mawa uliwonse.

Lachitatu anabwera. Ena wapansi, ena pa njinga, mitolo ya kholowa ili pa kaliyala. Abambo anatchetcha, amayi tinkaunga mizere pambuyo pawo. Ngakhale a Tembo, aja anapatsidwa tsiku langa, anabwera pa ngolo ndi mwendo wawo wotupa. Anakhala pa chitsa cha muwanga n'kumadula kholowa ndi mpeni. Anandiitana, anati, "Amake Felisi, tsiku lanu ndinadya ine, ndipo linakoma. Ndabwera kudzabweza mbale."

Mayi wina anakuwa ali pamzere, "A Jowana, tajambulani, titumize pa gulu!"

A Jowana anati, "Gulu lonse lili pano, mutumizira ndani? Limani!"

Tinaseka mpaka makasu anagwa. Pofika madzulo munda sunathe wonse, koma chigawo chachikulu chinali mizere yatsopano, kholowa atabzalidwa, m'mbali tinaponyamo khobwe amene wina anabweretsa m'kambale.

Tsono inu amene mukulimbana ndi botolo, mvetserani, chifukwa munda unalimidwa tsiku limodzi koma ludzu silinathe tsiku limodzi. Masiku oyamba manja ankanjenjemera moti khasu linkandipulumuka. A Jowana anandiperekeza ku kiliniki, ndipo kwa anesi ndinanena zoona, sindinati malungo. Anandithandiza, anandiuzanso kuti ndizidya ngakhale chakudya chikukana. Pobwerera tinadzera dala kwa mayi wa kachasu uja, masana, njira yapoyera. Ndinamuuza pamaso pa anthu ake kuti, "Ndikabweranso pano, ngakhale ndigwade, musandithirire." Iye anandiyang'ana, analowa m'nyumba, anatuluka ndi jekete. Anati, "Tengani. Palibe akulifuna, onse akuti ndi la wakufa. Likungondiopseza m'nyumbamu." Ndinalilandira ndi manja awiri.

Njira ya kudambo ndinaisiya, ngakhale pokatola nkhuni ndinkazungulira. Ndinaona kuti ludzu limandigwira kwambiri dzuwa likapendeka, nthawi imene malemu ankabwera kuchokera ku dimba. Ndiye nthawi imeneyo sindinkakhala ndekha. Ndinkapita kwa a Jowana kukawathandiza kusenda nyemba, kapena kukangokhala. Kutchalitchi ndinabwerera, koma ndinatengera nzeru yawo: kulowa, kukhala, kutuluka. Nyimbo zothokoza zikayamba ndinkatseka pakamwa, ndipo palibe anandikakamiza.

Ndinagwaponso kamodzi, pa ukwati wa mwana wa achimwene anga. Wina anandipatsa kapu, ndinalandira. Mawa lake satana anandinong'oneza kuti tumiza nkhunda, palibe adziwe. Chala chinafika pa nkhundayo. Koma ndinagwira polankhulira, ndinati, "Dzulo ndagwa. Mundipempherere." Dzuwa lisanafike pamutu a Nabanda anali pakhomo panga, akuti amangodutsa. Kwathu sikodutsa munthu, ndi kumapeto kwa njira.

Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo pa foni. Ndimatumiza chimene maso anga aona tsiku lomwelo. Ngati ndili ndi zikomo, ndimati zikomo. Ngati ndilibe, ndimati mundipempherere, ndipo ndaona kuti nayonso ndi pemphero. Ena pa gulu anayamba kuchita chimodzimodzi. Bambo wina amene tinkamudziwa ndi zithunzi za thonje lokongola analankhula tsiku lina kuti mbozi zamuthera munda. Anthu anamuuza mankhwala, wina anamubwereka chopopera. Kale akanatumiza maluwa.

Mbatata inachita bwino, nthaka inali itapuma. Mwezi wa Juni ndinayamba kukumba. Kunkazizira m'mawa umenewo, ndiye ndinavala jekete la a Dominiko, manja ake ndinapinda chifukwa ndi aatali. Ndinakumba mzere woyamba, mbatata zinatuluka zofiira, zina zazikulu ngati mkono. Ndinaziunjika pafupi ndi chitsa cha muwanga. Nditaima n'kuziyang'ana, ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu, popanda wondiuza, popanda foni m'manja. Ndinati, "Zikomo Ambuye." Ndinadzidzimuka ngati walankhula ndi munthu wina. Chichokereni a Dominiko, ameneyo anali zikomo wanga woyamba.

Pambuyo pake ndinajambula. Mulu wa mbatata, chitsa chikuoneka bwinobwino pambali, kuti a Jowana asavutike kufufuza. Ndinatumiza. Ma Amen anabwera ngati kale, koma kakomedwe kake kanali kena, chifukwa ankayankha chinthu choona. A Jowana ataonetsedwa anati, "Eya, ichi ndiye cha chaka chino. Muwauze kuti yanga ndikufuna yootcha."

Chaka chimenecho chimanga ndinalibe, sindikubisa. Mbatata ina ndinasinthanitsa ndi chimanga, ina ndinaiduladula n'kuyanika, Felisi nayenso anathandiza. Panali masiku odya mbatata m'mawa, mbatata madzulo. Koma sindinagone ndi njala, ndipo sindinapemphe pakhomo pa munthu. Dzinja lino nsawa ndabzala nthawi yake, mbewu anandigawira amayi a mu mphakati, aliyense kadzanja. Zamera mosiyanasiyana, zina zazitali zina zazifupi, koma ndi zanga, ndipo ndi za chaka chino. Amuna anga ndimawasowabe. Dzuwa likapendeka ndimayang'anabe njira ya ku dimba. Koma mtima unakhala pansi, ndimagona, ndimadya, ndipo nyimbo zija ndinayambanso kuimba, ngakhale mawu anga ndi a khwangwala.

Musamve ngati ndikunyoza foni kapena kuthokoza pa gulu. Ayi. Ine m'mawa uliwonse ndimakwerabe pa chulu, ndipo ndikaona wina akuthokoza kuti mwana wachira, tsiku langa limayamba bwino. Thokozani, jambulani maungu anu. Chimene ndikunena ndi ichi: inu amene muli m'dzenje, musatseke pakamwa pa dzenjelo ndi maluwa, anthu angadutse osadziwa kuti muli m'katimo. Ndipo inu amene muli kunja, mukayankha Amen, miyendo isapume.

Ndimalize ndi ichi. Mu mphakati woyandikana nafe, cha ku Pembamoyo, muli mayi wachitsikana amene anaika mwamuna wake mwezi wathawu. Dzina sinditchula. Chiikireni maliro sanaoneke kutchalitchi, koma pa gulu lathu alipo, ndipo m'mawa uliwonse amatumiza nkhunda. Lero watumiza dzuwa lotuluka, pansi pake palembedwa kuti Mulungu ndi wabwino nthawi zonse. Ndayankha Amen, chifukwa ndi zoona. Mwina alidi bwino, ndipo ngati ali bwino tikamwa madzi, ticheze, tibwerere.

Koma kholowa ndadula kale, ali pamthunzi kunyumba. A Jowana akuti bondo likuwavuta, koma apita. Tinyamuka mawa mame asanaume. Amene muli ndi khasu, mutipeza pa chulu.